Manda Anga a ku Honde

Enelesi mwana wanga,

Munthu amene anandipha ndi Jemusi Chikopa, amene anali kapitawo wathu pa esiteti ya tiyi ku Honde, kumtunda kwa Ruda. Ndayamba ndi dzina lake kuti ngakhale kalatayi itanyowa m'basi, mzere woyambawu uuwerenge. Akadali moyo. Mayi wina wogulitsa nthochi wochokera kumeneko anandiuza kuti maso anachita khungu koma mutu ukugwirabe ntchito, ndipo akukhala kwa mdzukulu wake kuseri kwa chigayo. Mawa ukukwera basi kukayamba unesi m'chigwa chomwecho. Boma lakutumiza lokha kumene ine ndakhala ndikuopa kukutuma.

Ndikulemba masana ano iwe uli kutchalitchi kukatsanzikana ndi anzako a kwaya. Pakamwa sindingathe, chifuwa chimandidula mawu ndisanafike pakati. Sukulu ndinalekeza sitandade folo, ndiye ukapeza chilembo chopindika usaseke monga umachitira.

Ukudziwa kuti pa setifiketi yako yobadwira, pamalo olemba dzina la bambo, pali mzere chabe. Ine ndi malemu amayi ako tinkakuuza kuti mapepala anasokonekera. Ukudziwanso kuti pakomboni pano anthu amanditchula a Malemu, ndipo uli wamng'ono unkamenyana ndi anzako chifukwa cha dzinalo. Mapepala sanasokonekere, mwana wanga. M'mabuku a boma, Laisoni Mbewe, bambo ako, anamwalira iwe usanabadwe, ndipo ali ndi manda.

Masiku amenewo chitupa chinali chachitsulo, ndipo chithunzi chake chinkafufutika moti mwamuna aliyense wowonda akanatha kunena kuti ndi iyeyo. Ife a m'makomboni tinkabwerekana zitupa ngati khasu. Wina akafuna kukwera sitima, wina kukalembetsa mwana sukulu, wina kudutsa pamene apolisi atchinga msewu, ankangogogoda kwa mnzake. Palibe ankaona cholakwa. Ambiri mwa ife makolo anachokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ena ankatsika mapiri kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki alibe ngakhale kapepala, ndipo tiyi sankafunsa kwawo kwa dzanja lomuthyola.

Mmodzi mwa othawa nkhondowo anali Zuze. Dzina la bambo ake sindinalifunse, ndipo ichi chimandiwawa kuposa chifuwachi. Anali wamtali kundiposa, wa mpata pamano, wokonda kuimba mluzu m'mizere ya tiyi nkhungu isanachoke. Aliyense ankamuitana kuti mano, ndiko kuti m'bale pa chilankhulo cha kwawo. Tinkagona chipinda chimodzi, kumwera kapu imodzi yachitsulo yobenthuka mlomo. Chikopa ndiye anamulowetsa ntchito mobisa, bwana wamkulu osadziwa.

Mvula ya chaka china inagwa masabata osaleka ndipo Zuze anadwala chibayo. Chikopa anabwera pakhomo, anamuyang'ana, kenako anandikokera panja.

"Laisoni, mnzakoyu akagona pano masiku ena awiri timunyamula m'bokosi. Kuchipatala safuna nkhope, amafuna chitsulo. Bweretsa chako, Loweruka ndikubwezera."

Ndinamasula pakansalu, ndinamupatsa. Zuze anakwezedwa pathirakitala, atafundidwa saka, ndipo anakweza dzanja kunditsanzika. Anagonekedwa kuchipatala ngati Laisoni Mbewe. Lachisanu anamwalira ngati Laisoni Mbewe. Chikopa anapita kukatenga mtembo, anamufunsa ngati womwalirayo ndi mwini chitupacho, iye anati inde, nasaina. Akananena zoona, bwana akanadziwa kuti analemba munthu wopanda mapepala, ukapitawo ukanatha. Anasankha ukapitawo.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinakumba nawo manda kumanda a esiteti, mapeto a munda wa tiyi. Ndinanyamula bokosi kumutu. Ndinaponya dothi. Kalata yololeza maliro inali m'thumba la Chikopa, yopindidwa, ili ndi dzina langa, iye ataima pafupi nane akuimba nyimbo ya maliro ndi mawu aakulu. Loweruka nditafunsa chitupa anati chinagwera mumtsinje wa Pungwe pa mlatho, ndipo akonza china. Miyezi inatha. Kenako anayamba kundipezera zifukwa pa sikelo, masamba anga akuti ndi okhwima, mpaka ndinatopa nkubwera kuno ku Chipinge. Pa esiteti ino nambala ya ntchito inkakwanira. Ndinakwatira amayi ako, ndinakalamba ndi dengu kumsana, osadziwa kuti ndinafa.

Ndinadziwa iwe uli ndi miyezi itatu. Tinapita ndi amayi ako ku ofesi ya zitupa kuti tikulembetse, ine nditengenso chitupa chatsopano. Nambala yanga ndinkaidziwa pamtima, mpaka lero. Mtsikana wa pawindo anaitayipa pakompyuta, anawerenga, anandiyang'ana, anawerenganso. Kenako anakankhira mpando wake m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka unagunda kabati.

"Baba, munhu uyu akafa kare," anatero m'Chishona, kuti munthu ameneyu anafa kalekale.

"Wafa ndani, mwana wanga? Ndine ndaima pano."

"Ine ndikuwerenga zimene zalembedwa. Munthu wakufa sangabereke mwana. Otsatira."

Wamkulu wake anatichitira chifundo, anatipatsa pepala lokopera za imfayo. Ndinaliwerenga pakhonde. Dzina langa, dzina la bambo anga, nthenda yake chibayo, wozindikira mtembo J. Chikopa. M'basi pobwerera amayi ako anakhala pambali panga. Titadutsa mitengo ya bulugamu ndinamva dzanja lawo pakhosi panga, kuseri kwa khutu, likufufuza kutentha. Pepalalo anakana kuti ligone m'nyumba. Linakhala m'chitini mukhola la nkhuku.

Tsopano imva, Enelesi, chifukwa zimene ndikulemba apa ndinaziphunzira ndi manyazi, ndipo sindikufuna uzilipirenso ndi manyazi ako. Ofesi ya boma ikakutsekera chitseko, pali anthu amene tinawasankha, khansala ndi phungu, amene ntchito yawo ina ndi kugogoda m'malo mwathu. Izi nzoona, ndinaziona. Koma pali njira yowafikira, ndipo ine ndinayamba ndi njira zonse zolakwika.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kupita kumsonkhano. Inali nthawi ya chisankho, phungu wina anabwera pabwalo la mpira la esiteti ino ndi magalimoto ndi zokuzira mawu. Ndinavala jekete la kutchalitchi, ndinakankha anthu mpaka kutsogolo, pepala lili m'mwamba. Phunguyo anandigwira dzanja, anaweramira kwa ine, ndinamuuza m'khutu kuti boma likuti ndinafa. Iye anaseka, anakweza dzanja langa kuti anthu alione, nalankhula pa chokuzira mawu.

"Mwaona, abale? Lero ngakhale akufa adzuka kudzandimva."

Bwalo lonse linaseka, ng'oma zinalira, ndipo dzina la a Malemu linabadwa tsiku limenelo. Sindikuti anali munthu woipa. Pamsonkhano phungu amakhala akusaka manja oomba, ndipo iwe ukafika ndi vuto umasanduka nthabwala yake. Usapite nayo nkhani yanga kwa phungu pamsonkhano, pamaliro kapena pomwe akugawa mbewu. Fufuza tsiku limene amakhala muofesi yake kuona anthu, upite tsiku limenelo m'mawa, utavala yunifolomu yako ya unesi. Yunifolomu imapatsa munthu mpando.

Kulakwa kwachiwiri kunandidyera zonse zimene ndinali nazo. Nditamva kuti phungu ali ndi ofesi mutauni, ndinapita. Pakhomo panali bambo wa jekete lofiira, nsapato zopukutidwa, makiyi akulendewera palamba. Anandilandira ngati m'bale wake, akunditchula sekuru, ndiko kuti malume m'Chishona.

"Sekuru, aHonarebo ndimadya nawo mbale imodzi. Mukalowa nokha mudikira mpaka ndevu zifike pamchombo. Siyani mapepala kwa ine, Lachitatu mudzapeza mwaukitsidwa."

Ndinamupatsa pepala la imfa lija, khadi la ntchito la ku Honde lokhala ndi chithunzi changa ndili mnyamata, ndi khadi la ubatizo limene bambo anga analembapo okha dzina la mudzi wathu wa ku Mulanje. Tsiku lotsatira ndinamupititsira tambala. Lachitatu sanaoneke. Nditalowa mkati kufunsa, mlembi wa muofesimo anati munthuyo sagwira ntchito pamenepo, amangoima pamthunzi. Makiyi aja sankatsegula chitseko chilichonse. Tambala sindimulira, koma dzanja la agogo ako linali pakhadi lija lokha, ndipo palibenso pena pamene linatsala.

Ndiye kumbukira, Enelesi. Pepala lenileni silichoka m'manja mwako. Umaonetsa, kenako umapereka fotokope. Umapereka mkati, patebulo, kwa munthu amene wakuuza dzina lake ndi ntchito yake, ndipo dzinalo umalilemba iye akuona, pamodzi ndi tsiku. Upemphe adinde pa kope yako kusonyeza kuti alandira. Amene akukufunsa nkhuku kapena ya sopo kuti akuonetse phungu, ameneyo phungu samudziwa.

Panapita zaka ndisanayesenso. Iwe unali utayamba sukulu pa dzina la amayi ako. Khansala wathu wa nthawi imeneyo, mphunzitsi wopuma wa ku Mount Selinda, ndiye anandikoka dzanja. Anati ndiyambe ndi iye chifukwa amandidziwa nkhope, ndipo analemba kakalata kochitira umboni kuti wakhala akundiona ndi maso pakomboni pano zaka zambiri, ndikuyenda, ndikudya. Ndi kakalata kameneko ndinalowa kwa phungu watsopano, mayi wonenepa wa magalasi, amene ofesi yake inali pamwamba pa sitolo.

Apa ndipo ndinalakwa kachitatu. Nditapatsidwa mpando ndinayamba ndi bambo anga kuyenda wapansi kuchokera ku Mulanje. Ndinafotokoza mvula, thirakitala, mluzu wa Zuze, tambala. Ndinatukwana Chikopa ndi mtundu wake wonse. Mayi uja anamvetsera mpaka tiyi wake anazizira, kenako anavula magalasi.

"Baba, pamasitepe pali anthu akudikira, wina ali ndi mwana wodwala. Ndamva kuti mwazunzika. Tsopano ndiuzeni, ndilembere ndani, ndimuuze achite chiyani?"

Zaka zonsezo ndinasunga mkwiyo, koma pempho ndinalibe.

Anaitana mlembi wake, tinakhala pansi, tinalemba tsamba limodzi. Dzina, nambala ya chitupa, nambala ya pepala la imfa imene mwamwayi ndinaikopera kuseri kwa Baibulo, chimene chinachitika m'mizere isanu, ndi chimene ndikupempha m'mzere umodzi. Anandiuza mosabisa kuti iye sangalamule ofesi ya zitupa kufufuta chimene chinalembedwa. "Ine sindiukitsa akufa, baba. Koma inu mukalemba, kalata yanu imagona m'bokosi. Ine ndikalemba, amayenera kundiyankha." Anandiuza kuti ndizibwera kumapeto kwa mwezi uliwonse kudzakumbutsa, mwaulemu, osatopa. Ndinapita katatu. Ulendo wachinayi mlembi anandiona pamasitepe nkukweza envulopu.

Yankholo linali ndi chidindo. Linati nkhani ingakonzedwe, koma ku boma la komwe imfayo inalembedwa, ndipo pafunika zinthu ziwiri. Ndidinde zala kuti azifanizire ndi za kale, ndipo munthu amene anazindikira mtembo alumbire papepala kuti ananama kapena analakwitsa. Mayi phungu anati kumeneko dzanja lake silifika bwino, wondithandiza ndi phungu wa ku Honde, ndipo phungu amathamangira munthu wokhala m'dera lake. Ukuona tsopano chifukwa chimene mtima wanga unagunda pamene kalata yako ya ntchito inatchula chigwa chimenecho. Kuyambira mawa iwe ndiwe munthu wa m'dera lake. Ine sindili m'dera la aliyense, akufa savota.

Kulakwa kwachinayi ndi kumene kumandilepheretsa kupuma. Ndinakwera basi kupita ku Ruda ndekha, kalata ili m'jekete, ndodo ili m'manja. Ndisanapite kwa Chikopa miyendo inanditengera kumanda. Anali masana, koma ku Honde nkhungu imatsika nthawi imene yafuna, ndipo inandipeza pakati pa mizere ya tiyi. Sindinasochere. Mapazi ankakumbuka njira imene ndinayenda nditasenza bokosi.

Manda ena onse anali atamera udzu wofika m'chiuno. Amodzi okha anali osesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka padothi lonyowa. Kumutu kunali kachitsulo kokhomedwa pamtengo, kolembedwa ndi penti yoyera ya ku wekishopu ya esiteti. LAISONI MBEWE. Pansi pake, itavundikiridwa, panali kapu yachitsulo yobenthuka mlomo. Kapu imeneyo ndinaifuna pochoka ku Honde, sindinaipeze. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja, osadziwa ngati ndipepese kapena ndipemphere, ndiponso kwa yani. Kenako kumunsi m'mizere, kumene sindinkaona munthu, wina anayamba kuimba mluzu. Othyola tiyi amaimba mluzu, ndikudziwa. Koma linali Lamlungu.

Mayi wina wosenza nkhuni anandipeza ndikutuluka. Ndinamufunsa amene amasesa manda aja. Anati ndi a Chikopa, mwezi uliwonse, ndipo salola wina kugwira tsache.

Ndinamupeza atakhala pampando wa ndalema pakhomo pake, maso akali kuona pang'ono nthawi imeneyo. Nditaima patsogolo pake anayang'ana mapazi anga poyamba, kenako pansi kumbuyo kwanga, kufuna mthunzi. Kunali nkhungu, mthunzi panalibe.

"Ndiwe uti mwa awiriwo?"

"Ndine amene munandibwereka chitsulo, a Chikopa. Loweruka lija lafika."

Anapumira m'mwamba, anaitana mkazi wake kuti abweretse mpando ndi madzi. Enelesi, munthu uja anali wokonzeka. Ndinaona m'maso mwake, anali atatopa ndi tsache. Ndikanakhala pampando uja, kumwa madziwo, kumuonetsa kalata modekha, bwenzi lero dzina langa lili pa setifiketi yako. Koma ndinali nditangochoka pamanda anga. Ndinakankha mpando ndi phazi, ndinakweza ndodo, ndinakuwa kuti apolisi akubwera, akafera kundende, ndipo dzina lake lili kale kwa phungu. Atamva za ndende nkhope yake inatseka ngati chitseko.

"Laisoni Mbewe ndinamuika ndekha," anatero. "Iwe sindikudziwa. Amayi, lowetsani mpando."

Ndinabwerera wopanda kanthu. Chaka chotsatira mayi phungu uja anagwa pachisankho, ofesi ya pamwamba pa sitolo inasanduka saluni, amayi ako anadwala, ndipo kalata ya chidindo inakalamba m'Baibulo. Phunzira apa zinthu ziwiri. Phungu ndi wa nyengo, akakupatsa njira uziyenda pomwepo. Ndipo dzina la phungu si ndodo yoopsezera anthu. Ndinalitenga ngati chibonga, pamene mayi uja anandipatsa ngati kiyi.

Ukafika kumeneko, khazikika kaye sabata ziwiri, anthu adziwe kuti nesi watsopano ndi waulemu. Kenako yamba ndi khansala, monga ndinachitira ine mochedwa. Iye akutengere kwa phungu. Ukafunse muofesimo kuti munthu wokalamba wolumbira za bodza lakale chimamuchitikira nchiyani, akufufuzire kwa eni malamulo, kuti ukapita kwa Chikopa ukamuuze zoona zokhazokha. Ufunsenso ngati wolumbiritsa anthu angapite kunyumba, poti mwini wake saona. Kwa Chikopa usapite wekha, ndipo usapite ndi nkhope yanga, chifukwa ukakwiya umafanana nane. Tenga khansala ndi mkulu wa mpingo wake. Ugwade, umutchule agogo, ulandire madzi. Ine sindingathe kumutchula ndi ulemu ngakhale m'kalata muno, koma iwe sanakulande kanthu m'manja, ungathe.

M'envulopu yakhakhi imene ndaika pansi pa mayunifolomu ako muli tsamba limodzi lija, kalata ya chidindo, kakalata ka khansala, zonse makope atatu atatu. Zenizeni zili m'pulasitiki, usazisiye kwa munthu. Mulinso pepala lonena kuti ine ndakuloleza kundilankhulira, chifukwa mlembi wa phungu sakamba nkhani ya munthu ndi wina popanda chilolezo chake. Ndasaina, ndadindanso chala chachikulu ndi inki ya abusa. Nditachotsa chala ndinakhala ndikuyang'ana chidindocho. Mizere yake ili bwinobwino, yozungulira, ngati ya munthu aliyense.

Pantchito yako udzaona zimene ndikunenazi. Adzabwera odwala ochokera kuseri kwa mapiri, ukaitana dzina la pakhadi iwo nkuchedwa kutembenuka. Usawakalipire, usawaitanire mlonda. Uwapatse mankhwala. Koma pamene palibe wina akumva, weramira pafupi ufunse kuti amayi awo anawatcha ndani, ndipo kwawo nkuti, ulembe penapake. Pakanakhala nesi mmodzi wofunsa Zuze funso limenelo, anthu awiri tikanakhala ndi mayina athu.

Usaganize kuti ndimangodzilira ndekha. Zuze ali pansi paja zaka zonsezi atavala dzina losamukwana. Kwawo sanamve uthenga, sanamete, sanalire. Mwina amayi ake anamwalira akuyang'ana njira yotsika phiri. Kukliniki ya pa esiteti akaitana kuti Laisoni Mbewe, ine ndimaimirira, ndipo nthawi zina ndimamva benchi ikupepuka kumbuyo kwanga, ngati waimiriranso wina wamtali kundiposa. Sinditembenuka. Sindimuopa, sanali munthu wankhanza. Ndikuganiza kuti nayenso watopa kuyankha dzina la mwini.

Tsopano za chifuwachi. Mwezi watha unandiika chomvera chako pamsana, unandiuza ndipume, ndipumenso, kenako unakhala chete nkuyamba kukamba za mtengo wa tomato. Ndakulera ndekha, kukhala chete kwako ndimakumva. Nthenda imene inalembedwa papepala lija ndinaiwerenga kalekale, ndipo yakhala ikubwera wapansi kuchokera ku Honde, osafulumira. Yafika pakhomo.

Amalume ako a Yohane anabwera Lachiwiri, tinakhala pansi pa mtengo wa peyala. Nawonso anamva kutsokomola. Anayamba ndi za mvula, kenako anatsitsa mawu.

"Alamu, musamadandaule za mapepala. Munthu safa kawiri m'buku la boma, kalata ya maliro sadzatipatsa, izo tikudziwa. Koma chitupa cha achimwene a Petulo chikadali m'sutikesi. Anapita ku Joni kalekale, ngakhale kalata. Tsikulo likadzafika tidzangokuikani pa chimenecho, mudzagona bwinobwino."

Ananena mwachikondi, akundisisita bondo. Ndinawafunsa kuti nanga a Petulo akadzatsika basi tsiku lina, atakalamba, nkupita pawindo lija, mtsikana nkukankhira mpando m'mbuyo? A Yohane anaseka, anati alamu mumaganiza kwambiri, nchifukwa chake mukuwonda. Sanamve, ndipo tsikulo adzabwera nacho chitupacho m'thumba, adzakuuza kuti ndi mwambo wathu wothandizana, mtembo sudikira. Iwe ndiwe nesi, ukudziwa kuti kumochale kuli madirowa ozizira. Ndikatsogola izi zisanathe, ndisiye m'menemo. Ndadikira zaka zonsezi ndili wofunda, kudikira ndili wozizira sikungandivute.

Zina zonse za ulendo ukuzidziwa. Uzidya, uzipemphera, usakwere njinga yamoto mvula ikugwa m'mapiri aja, ndipo chitupa chako usabwereke munthu, ngakhale akulira, ngakhale ndi Loweruka lokha. Ukafuna kuthandiza wodwala, munyamule kumsana upite naye wekha.

Sindikufuna Chikopa amangidwe. Ndinkafuna kale, pano ayi. Sindikufuna apepese, mawu ake ndinawamva okwanira pamaliro paja. Sindikupempha nyumba, kapena bokosi lokongola, kapena kuti ubwere pa Khirisimasi ngati ntchito yakana. Ndikufuna chinthu chimodzi ndisanatseke maso. Jemusi Chikopa aike chala chake papepala, pamaso pa wolumbiritsa, anene kuti munthu amene anamuona kumochale tsiku lija anali Zuze wa ku Mozambiki, ndipo Laisoni Mbewe anali kumunda akuthyola tiyi. Pepalalo ubwere nalo wekha, undiwerengere mokweza pakhonde pano anthu a pakomboni akumva. Ukatero ndidzafa kamodzi, m'dzina langa, ndipo iwe udzakhala ndi cholemba pamzere uja.

Fulumira, Enelesi. Ine ndi Chikopa tonse ndife okalamba, ndipo iye akayamba kupita, ine nditsala m'manda a ku Honde.

Ndine bambo ako, amene akali kupuma,
Laisoni Mbewe